Makobiri Okhota a Nachanza

Ana inu, mwambi sumera wokha ngati bowa. Uliwonse uli ndi khomo limene udatulukira, ndipo wa lerowu udatulukira pa siteshoni ya sitima ya pa Bilila, masiku amene ndalama zidali makobiri obowoka pakati. Ophunzira adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa njanji. Alekeni anene, iwo ali ndi mabuku. Ife amene sukulu tidangoinunkhiza tili ndi makutu, ndipo zimene tidamva ndi izi.

Pa Bilila padali mayi wina dzina lake Nachanza. Adabadwa ndi mwendo wamanzere waufupi, kotero kuti akamayenda thupi lonse linkapendekera uku, n'kubwerera, n'kupendekeranso, ngati madzi a mumtsuko wosadzaza. Mwamuna wake adapita kumigodi ya ku Joni mimba itangoyamba kuoneka, ndipo mpaka lero akadali m'njira yobwerera. Adamusiyira mwana mmodzi wamwamuna, Yotamu.

Nachanza sadali munthu wodandaula. Ankalima mtedza kuseri kwa nyumba, kuukazinga ndi mchere, n'kukaugulitsa pa siteshoni pamodzi ndi nthochi ndi mazira ophika. Sitima ikaima, amayi onse ankathamangira kumazenera atatukula malichero m'mwamba. Koma sitima sinkakhalitsa. Malonda ambiri ankatha iyo itayamba kale kuyenda: wapaulendo watenga mtedza, ndalama aponya pansi, mwini wake atole yekha m'miyala.

Apa ndi pamene apaulendo ankaonetsa mtima wawo. Munthu akakhala ndi kobiri limene lakanidwa m'masitolo onse, ankalisungira mayi wotsimphina wa pa Bilila, podziwa kuti sangathamangitse sitima.

Kobiri la masiku amenewo linkakhala ndi bowo pakati penipeni, ndipo anthu ankatunga makobiri pachingwe. Koma kumene ankasula ndalamako, kutsidya kwa nyanja zamchere, makina nawonso ankaphonya nthawi zina. Kobiri lina linkabwera bowo lili m'mphepete, litadya mwendo wa njovu yojambulidwapo. Lina linkabwera lopanda bowo n'komwe. Tiki wina, ndalama ya makobiri atatu, adadindidwa kawiri, zilembo zake zikuoneka ziwiriziwiri monga amaonera woledzera. Sikisi wina, wa makobiri asanu ndi limodzi, adadindidwa mopendekera, theka lili ndi chithunzi, theka lili see. Ukapita nazo kusitolo, wogulitsa ankazitembenuza, kuzigogoda patebulo, n'kukukankhira.

"Iyi ndi yopunduka, mayi. Bweretsani ina."

Amayi ena akaponyeredwa ndalama yotere ankatukwana sitima mpaka utsi wake utazimiririka, kenaka n'kuitaya patchire. Nachanza ankaitola, kuipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuiyang'ana bwinobwino.

"Bwera kuno, mnzanga," ankatero. "Nawenso adakusula Lolemba m'mawa asanasambe m'maso?"

Ankaiponya m'chitini cha tiyi chimene chinkakhala pansi pa lichero. Posakhalitsa anzake adasiya kutaya zawo. "Nachanza, m'bale wako uyu wabwera," ankatero, ndipo iye ankawapatsa mtedza wodzaza dzanja. Sankasunga kuti adzalemere nazo, ayi. Ankangozikonda. Sitima ikadutsa, pa siteshoni pakati zii, iye ankayala chitenje pamthunzi, kukhuthula chitinicho, n'kumazisankha m'magulu: zogontha, ndiye kuti zopanda bowo, apa, za diso pambali apa, zoledzera apo.

Yotamu adakulira m'mphepete mwa chitenje chimenecho. Ana ena ankasewera ndi ng'ombe zadothi, iye ankasewera ndi makobiri okhota. Asanadziwe kuwerenga, adali atadziwa kale kuzindikira ndalama yolakwika ndi nsonga za zala atatsinzina.

Mtedza womwewo ndi umene udamuphunzitsa sukulu. Mutu adali nawo, ndipo atamaliza adapeza ntchito ku Limbe, yolandira ndalama m'sitolo yaikulu yogulitsa katundu wa pikulitsa. Ndalama za tauni yonse zinkadutsa m'manja mwake, ndipo zala zake sizidaiwale. Akagwira yolakwika ankaiika pambali, n'kubwezerapo yake yabwino. Tsiku lina wamalonda wina wokalamba, wobadwira kunja, adamuona akuchita zimenezi ndipo adamufunsa chifukwa chake. Ataona zimene mnyamatayo adasunga, adamuuza kuti kumaiko akutali kuli anthu amene amasonkhanitsa ndalama zotere, ndipo amalipira bwino. Kobiri limodzi logontha adaligula pa mtengo wa nsapato zachikopa.

Kenaka ndalama zidasintha, kudabwera kwacha ndi tambala. Makobiri akale adasonkhanitsidwa n'kusowa, ndipo otsala aja mtengo wake udakwera. Yotamu adasiya ntchito ya m'sitolo. Ankayenda m'misika ndi m'madepoti a basi, kufunsa makondakitala ndi ogulitsa nsomba ngati ali ndi ndalama yokanidwa. Anthu ankamuseka pomugulitsa, iye ankaseka pobwerera.

Tsiku lina adatulukira pa Bilila pa njinga yamoto, ana onse a m'mudzi akumuthamangira m'fumbi. Atadya, adayamba kukanda m'mutu.

"Amayi, chitini chija chikadalipo?"

"Chingapite kuti? Chilibe miyendo, ndipo chikadakhala nayo bwenzi uli umodzi ndi theka."

"Mungandipatse? Kuli anthu amene amazifuna."

"Amazifuna kuti atani nazo? Sizigula ngakhale machesi."

"Amangoziyang'ana, amayi."

Nachanza adaseka mpaka misozi. "Ndiye kuti amisala tilipo ambiri! Ine ndinkayesa ndili ndekha. Tenga, mwanangu, abale ako akaone tauni."

Tisamunamizire Yotamu: malata adagula, nyumba ya mayi ake adafolera. Shuga ndi sopo ankatumiza pa sitima. Koma malata sapereka moni, ndipo shuga safunsa kuti mwadzuka bwanji. Mwini wake kubwera adachepetsa, ndipo mawu akuti "mudzabwere mudzaone kumene ndimakhala" sadatuluke m'kamwa mwake. Pali ana ena, sitiwatchula, amene ngakhale shuga yemweyo satumiza.

Nachanza adadikira kuitanidwa mpaka adatopa. Ndiye chaka china atakolola, adamanga kathumba ka mtedza n'kukwera sitima. Zaka zonsezo adali atagulitsa pamazenera ake, koma m'kati mwake adali asanakhalemo. Pa Balaka adagula nthochi pazenera, ndipo ndalama yake, yabwinobwino, adaiika m'dzanja la wogulitsa sitima isanayambe kuyenda.

Nyumba ya Yotamu adaipeza pofunsafunsa. Chitseko chidali chotsegula. M'kati mudali tebulo lalitali, ndipo patebulopo padali matabwa okutidwa ndi nsalu yobiriwira, ndalama iliyonse ili m'kadzenje kake ngati dzira m'chisa. Zamapepala zidali pansi pa galasi. Ina idadindidwa mbali imodzi yokha, kuseri kuli mbee. Ina manambala ake a kumanja sankagwirizana ndi a kumanzere. Ina idadulidwa pepala litapindika, n'kutsala ndi kakhutu pangodya. Ndipo pakati pa zonsezo, pamalo aulemu, Nachanza adaona tiki wake woledzera uja, atapukutidwa.

Yotamu sadali yekha. Adali ndi bambo wina wa tayi ndi magalasi, bambo Chilambe, amene kale adali mkulu wa makalaliki, ndipo atapuma ntchito nawonso adayamba kusonkhanitsa ndalama zakale. Bambowo adali atawerama, galasi lokulitsa zinthu lili padiso, ndipo Yotamu ankalankhula monyadira.

"Onani, bambo. Zabwinobwino zilipo zikwizikwi, zonse nkhope imodzi. Mukataya imodzi mutola inzake. Koma iyi, makina adaphonya kamodzi kokha. Ilibe inzake padziko lonse. Mukaitaya, mwataya."

"Odi," adatero Nachanza pakhomo.

Yotamu adatembenuka, ndipo nkhope yake idasintha ngati ya munthu amene waponda moto wokwiririka m'phulusa. Adayang'ana mayi ake akulowa, kupendekera uku, kubwerera, kupendekeranso, kathumba pamutu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Adayang'ananso bambo Chilambe. Bambowa adali ndi mwana wamkazi, Elube, namwino wa pachipatala, ndipo Yotamu adali atayamba kale kuzungulira pakhomo pawo.

"Awa ndi a kumudzi kwathu," adatero Yotamu mofulumira. "Amagulitsa mtedza pa siteshoni. Abwera kuchipatala."

Bambo Chilambe adapereka moni mwaulemu. Nachanza adakhala pansi pafupi ndi chitseko, adaomba m'manja, n'kuyankha, "Ndili bwino, kaya inu, bambo." Mawu a mwana wake aja adamulasa ngati munga wa m'chidendene, umene suoneka koma umamveka paliponse ukaponda. Mlendo atachoka, Yotamu adamugulira buledi ndi nyama, adamufunsa za kumudzi maso ali pansi, ndipo mawa lake adamuperekeza ku sitima.

Nachanza atafika kwawo adafotokozera mchimwene wake Chikalimba, amene adali malume ake a Yotamu. Chikalimba adadzuka pampando ndi mkwiyo.

"Mwana ameneyu ndikamuthyola khosi!"

"Khalani pansi, achimwene. Wanama pati? Sindine wa kumudzi? Sindigulitsa mtedza? Za chipatala zokhazo ndiye wathira mchere wambiri."

"Mukumuikira kumbuyo?"

"Ndidamubereka kumbuyo, ndilekerenji kumuikira kumbuyo? Nyumba yake ndaiona, ndi yabwino. Akudya. Abale anga aja akugona pansalu yobiriwira. Ine ndikufunanso chiyani?"

Adabwerera ku lichero lake, ndipo moyo udapitirira monga kale. Ankaseka ndi anzake, ankaimba kutchalitchi, ndipo adayambanso chitini china, cha matambala okhota.

Mvula itatha, Chikalimba adabwera ndi uthenga, akuutafuna ngati chinangwa chowawa. Yotamu adali atafunsira Elube, ndipo chinkhoswe chidali pafupi, ku Limbe, kunyumba kwa bambo Chilambe. Chikalimba ndiye adali nkhoswe ya kuchimuna.

"Koma akuti ulendo ndi wautali, mwendo wanu ungavutike. Akuti pamphasa ya mayi pakakhale Edesi."

Edesi adali mng'ono wake wa Nachanza, wamtali, woyenda mowongoka ngati bango. Mwa mwambo wathu mayi wamng'ono ndi mayi ndithu, choncho palibe bwalo limene likadamugwira Yotamu bodza. Ana ophunzira amadziwa kunama osanama.

Nachanza adapitiriza kusenda mtedza.

"Edesi ndi mayi ake. Apite. Inunso pitani, achimwene, musakachititse mwana manyazi pakati pa anthu."

Koma mumtima adati, mpongozi wanga yekhayo ndikamuone ndi maso angawa. Ndikakhala kuseri, palibe amene akandidziwe, ndipo ndikakaona ndidzabwerera.

Adasinja nsinjiro zodzaza lichero, adakwera sitima payekha, ndipo m'mawa wa tsiku la chinkhoswe adalowera kuseri kwa nyumba ya a Chilambe, kumene amayi ankaphika. Pa chinkhoswe palibe amene amafunsa mayi wobwera ndi nsinjiro kuti ndiwe yani. Akuchikazi ankayesa ndi wa kuchimuna, oyandikana nyumba ankayesa ndi wachibale wa kumudzi. Adamupatsa mpeni ndi mulu wa mpiru, n'kuyamba kudula.

Dzuwa litakwera, msungwana wina adatuluka m'nyumba, tsitsi lili lomangidwa theka, anzake akumukalipira kuti abwerere asaonedwe. Adali Elube. Adabwera kudzamwa madzi, koma ataona mmene mayi wachilendoyo adakhalira pansi, mwendo umodzi ataupinda movutikira, adalowanso m'nyumba n'kutuluka ndi kampando.

"Khalani apa, amayi, msana ungapweteke."

Adangotero n'kuthamangira m'nyumba. Nachanza adakhala pakampandopo mtima uli myaa. Ndaona, ndakhuta, adatero mumtima. Ndimalize mpiru uwu ndizipita.

Sadamalize. Azakhali ake a Elube, mayi Nampinga, munthu wa pakamwa ngati wailesi, adatulukira atanyamula zitenje paphewa.

Mwina ana inu simudziwa mwambo wake, popeza masiku ano chinkhoswe mumachitira m'maholo ndi zimkuzamawu. Pa chinkhoswe mkwatibwi satuluka msanga. Akuchikazi amayamba atulutsa munthu wina atamufunditsa chitenje kuyambira kumutu, n'kufunsa mnyamata kuti, ndi ameneyu? Mnyamata akakana, amaponya ndalama m'mbale, imene amati ndi ya basi, kuti wolakwikayo abwezedwe kumene wachokera ndipo akatenge wina. Amatero mpaka mwini wake atatuluka. Ndipo kuti anthu aseke, amakonda kusankha kamwana, kapena nkhalamba, kapena aliyense amene sangafanane ndi mkwatibwi ngakhale pang'ono.

Nampinga adali atapeza kale kamwana. Ankafuna wachiwiri. Adaona Nachanza akudzuka kukatenga madzi, kupendekera uku, kubwerera, ndipo adaomba m'manja.

"Ehee! Mulungu wandipatsa! Mayi inu, bwerani kuno. Mayendedwe amenewa anthu akagwa nawo m'mipando."

"Ayi, amayi, ine ndine wa kuno kumoto. Sankhani wina."

"Wa kumoto amakana ntchito ya pabwalo? Simuoneka nkhope, mukuopa chiyani? Ndalama ya basi tikagawana."

Nachanza akadanena chiyani? Kukana kwambiri kukadabala mafunso, ndipo mafunso akadabala dzina la mwana wake. Chitenje chidagwa pamutu pake, amayi awiri adamugwira mikono, ng'oma idayamba.

M'kati mwa chitenje munkanunkhira sopo watsopano. Sankaona kanthu koma mapazi ake ong'aluka ndi nthaka yosesedwa bwino. Adamva anthu akuseka kamwana kaja, adamva ndalama ikulira m'mbale. Kenaka adamukokera pabwalo. Adayesetsa kuyenda mowongoka, kupondera zala za mwendo waufupiwo, koma mwendo umene wakhala nawo moyo wonse sungauphunzitse zina m'mawa umodzi. Phokoso la kuseka lidabuka ngati mvula ya pamalata.

"Akamwini, nayu mkazi wanu!" adafuula Nampinga. "Taonani kanyang'widwe! Wotere simungamupeze ngakhale ku Joni!"

Anthu adakuwa, nthungululu zidalira. Adamuimika. Pansi pa mphepete mwa chitenje Nachanza adaona nsapato ziwiri zakuda zonyezimira, ndi buluku latsopano lokhala ndi mzere wakuthwa ngati mpeni. Nsapatozo sizinkasuntha. Adadziwa kuti mwana wake wamuzindikira. Munthu amene adakulira pamsana wogwedezeka chotero sangasokoneze mayendedwe amenewo ndi a wina.

"Ndi ameneyu kapena ayi?" Nampinga adagwedeza mbale. "Ngati si ameneyu, ponyani ya basi timubweze kumene tamutola!"

Nsapato zidali phee. Kuseka kudayamba kuchepa. Wina kumbuyo adafuula kuti mkamwini wakopeka, ndipo ena adasekanso pang'ono.

Nachanza adamva chisoni, osati cha iye mwini, koma cha mnyamata amene adaima pamaso pa apongozi ake thukuta likutsika. Adasendera pang'ono n'kunong'ona kudzera m'chitenje.

"Ponya, mwanangu. Usachedwe, anthu angadabwe. Ine ndamuona kale, ndi mwana wabwino. Ponya ndizipita."

Adadikira kulira kwa ndalama m'mbale. Sikudamveke. M'malo mwake adaona mzere wa buluku uja ukuthyoka, ndipo mawondo awiri adagwa m'fumbi patsogolo pa mapazi ake.

"Awa sabwezedwa," adatero Yotamu. Mawu adatuluka okhadzuka, ndiye adabwerezanso mokweza. "Awa sabwezedwa. Si mkazi wanga, koma ya basi sindiponya. Awa ndi amayi anga ondibala."

Ng'oma idaleka. Yotamu adachotsa yekha chitenje chija, ndipo Nachanza adaphethira ndi kuwala, bwalo lonse likumuyang'ana. Nampinga adagwira pakamwa, mbale ili lende m'dzanja.

"Mayo ine! Nanga awo ali pamphasawo?"

"Ine ndine wamng'ono," adayankha Edesi akudzuka. "Ndipo mphasa ya eni yakhala ikundiwotcha kuyambira m'mawa. Achemwali, bwerani mukhale pamalo panu."

Koma bambo Chilambe adali ataimirira. Adavula magalasi, adawapukuta, adawavalanso.

"Chinkhoswe chiyambe chaima. Amayi awa ndidawaonapo. Mnyamata iwe, si awa udandiuza kuti ndi ogulitsa mtedza, abwera kuchipatala?"

"Ndi omwewa, bambo."

"Ntchito yako ndi yotani? Uza anthuwa, ena sakudziwa."

"Ndimagula ndalama zolakwika posula."

"Umazigula motchipa, popeza ndi zolakwika?"

"Ayi, bambo. Modula."

"Ndipo umazibisa kuseri kwa nyumba?"

Yotamu adali akadali chogwada.

"Ine mantha anga ndi awa," adapitiriza bambo Chilambe. "Thupi ndi la Mulungu, lero lili bwino, mawa lapindika. Munthu amene wabisa mayi ake chifukwa cha mwendo, mwana wanga akadzadwala adzamubisa kuti?"

M'nyumba, Elube adali akadali chifundire chitenje chake, akumva zonse.

Ndiye Nachanza adakhala pansi, adaomba m'manja mwaulemu.

"Bambo, ndilankhuleko, ngakhale ndabwera ngati wa kumoto. Za kale zija ndi mlandu wa ine ndi mwana wanga, tikakambirana kwathu. Koma za lero mwaona nokha. Ine ndamuuza kuti aponye. Chitseko ndamutsegulira ndekha, akadatuluka palibe akadadziwa, ndipo ine sindikadanena mpaka kumanda. Sadatuluke."

"Zoona zimenezo," adatero Nampinga, mawu atachepa. "Ndamva ndi makutu angawa. Amati ponya ndizipita."

Bambo Chilambe adayang'ana mayiyo nthawi yaitali, kenaka mnyamata wa mawondo m'fumbi.

"Bodza lokha lija silingapite chabe. Akuchimuna alipe mbuzi."

Apa Chikalimba, nkhoswe, adalowererapo. "Mbuzi tilipa, sitikana. Koma ndifunse nawo. Kwanu kuno, munthu akafunditsa apongozi chitenje n'kuwayendetsa pabwalo kuti anthu awaseke, amalipa chiyani? Kwathu ndi mbuzi."

"Ine ndimadziwa bwanji?" adalira Nampinga. "Munthu wabwera ndi nsinjiro, walowera kumoto, pamphumi sadalembe!"

Woyamba kuseka adali Nachanza, ndipo bwalo lonse lidamutsatira, mpaka bambo Chilambe omwe. Mbuzi ziwirizo zidakumana panjira, iliyonse n'kubwerera kukhola kwawo. Ng'oma idayambiranso. Elube atatulutsidwa sadadikire kufunsidwa ngati ndi iye: adadzivundukula yekha, adapitirira mwamuna wake, n'kukagwada pamaso pa Nachanza.

Nthawi ya malangizo itakwana, akulu adalankhula zambiri, za khasu, za mtondo, za kupirira. Zonsezo zidaiwalika. Chimene chidatsala ndi mawu a Edesi, amene adagwira Yotamu khutu pamaso pa anthu onse, suti ili m'thupi, n'kunena kuti:

"Mako ndi mako, mwana iwe, usamuone kuchepa mwendo."

Amayi a kumoto adawatola mawuwo n'kuwaika m'nyimbo tsiku lomwelo. Alendo adapita nawo kwawo, ena pa sitima yokwera, ena pa yotsika, ndipo adafalikira dziko lonse. Nachanza adabwerera ku Bilila, chifukwa tauni adati ilibe mthunzi wabwino. Koma Yotamu ndi Elube ankabwera kawirikawiri, ndipo adzukulu ake adaphunzira kuyenda atagwira chitenje chake.

Tsono mwambiwu ukuti chiyani? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ukuti amene adakubala ndi amene adakubala, kaya ndi wolumala, kaya ndi wosauka, kaya sadziwa kugwira foloko, kaya Chingerezi chake chimathera pa moni. Sungamusinthanitse ndi wowongoka chifukwa choti kwabwera alendo a tayi. Mwendo waufupiwo ndi umene udayenda kuti iwe ufike kumene uliko. Ndipo mwambiwu sunena za mayi yekha. Umanenanso za bambo, za mudzi umene udachokera, ndi za aliyense amene adakugwira dzanja usanadziwe kupukuta mamina.

Yotamu adachedwa, koma adagwada mayi ake akadali ndi makutu omvera. Ambiri a inu mudzagwada pamanda, mutanyamula nkhata za maluwa ogula, mukulira mokweza kuti anthu akuoneni. Dziwani kuti wa m'dothi samva kununkhira kwa maluwa.